Digiri Yokhala pa Ndowa

A Chipsera anali munthu woti akapereka moni pageti la fakitale, agalu a kuseri kwa msewu ndiwo amayamba kuyankha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akukuwa pakati pa makina odula zitsulo zinawasiya ndi kukhosi kosadziwa kunong'ona, moti ngakhale chinsinsi amachinena ngati akuitana basi imene yawapitirira.

Sukulu anailekeza kalasi yachisanu. Si umbuli ayi, asakunamizeni munthu. Bambo awo atamwalira panatsala azing'ono anayi oyang'ana kwa iwo, ndiye cholembera anachiika pansi. Kuwotcherera sanaphunzitsidwe ndi wina aliyense, anachita kuba ndi maso pa shedi ya wokonza mageti. Pofika nthawi ya nkhani ino anali kapitawo wa gawo lopala zitsulo pa fakitale yopanga mafelemu a mawindo ndi zitseko, amuna khumi ndi anayi ali pansi pawo. Ukawalakwira amakutukwana mpaka kukafika kwa agogo ako. Ukadwala ndi iwo omwewo amakubereka kumsana kupita nawe kuchipatala, akukutukwanabe m'njira.

Dzinalo linachokera pa chipsera chimene chinayambira pa nsidze yakumanzere n'kutsetsereka mpaka patsaya. Ndipo chipseracho chinali ndi ntchito yake. Munthu watsopano aliyense, tsiku loyamba, amamukhazika pa benchi nthawi ya tiyi n'kumuuza mbiri yake.

"Chimbale cha gulaindala chinaphulika ndili chonchi," amatero a Chipsera, atawerama ngati agwiradi makinawo. "Chidutswa chinabwera chikulira, fyuu! Magazi ovolosi yonse. Anzanga mbwee, kuthawa. Ine? Ndinatenga pulayazi, kuchizula, kumanga nsanza, n'kumaliza felemu la kasitomala. Kuchipatala ndinapita wapansi. Adokotala kundiona anafunsa kuti, 'Bambo, ndinu munthu kapena ng'ombe?'"

Apa benchi yonse imagwa ndi phwete, ngakhale amene anaimva kale maulendo makumi atatu. Kenako iwo amamaliza ndi chala m'mwamba: "Ndiye muzivala magalasi, agalu inu!"

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, wofatsa ngati mayi ake, wa maso osaphethira msanga. Atasankhidwa kupita ku yunivesite n'kunena kuti akaphunzira saikoloje, zokhudza maganizo a anthu, a Chipsera sanafunenso kumva zambiri. Za m'mutu? Ndiye udokotala umenewo! Zaka zinayi zathunthu fakitale yonse, wogulitsa nthochi pageti, ngakhale kondakitala wa basi ya m'mawa, onse anadziwa kuti mwana wa a Chipsera akubwera ndi jasi loyera.

Atamaliza, chithunzi cha gauni chitapachikidwa pakhoma pamwamba pa wailesi, bamboyo anafunsa mwanayo patebulo akupaka majarini pa buledi.

"Ndiye amayi, chipatala chake ndi chiti? Ndikufuna ndikadwale komweko."

"Ababa, inetu si dokotala."

Mpeni unaima pa buledi.

"Ukuti chiyani?"

"Ndinakuuzani chaka choyamba, inu mumayankhula. Ine ndinaphunzira momwe anthu amachitira zinthu akakhala pagulu. Chifukwa chiyani munthu wanzeru zake, akalowa pagulu, amachita zimene payekha sangachite. Momwe mungafunsire anthu kuti akuuzeni zoona, kuziwerengera bwino, n'kulemba lipoti loti wina agwiritse ntchito."

A Chipsera anangoti kukamwa yasa. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana chithunzi chija, anayang'ananso mwana.

"Zaka zinayi? Kuphunzira kuyang'ana anthu? Mayi akowa amachita zimenezo pawindo tsiku ndi tsiku, gauni sanavalepo!"

"Mundisiye ine," anatero mayiwo osatukula mutu.

"Nanga alemba ndani munthu woyang'ana anthu?"

Mwanayo anayesa kufotokoza. Mnzake wina anali mu ofesi yolemba ndi kusamalira antchito pa kampani ya mafoni. Wina amathandiza otsatsa malonda kudziwa chimene chimachititsa munthu kutola sopo uyu kusiya uyo. Wina anali kundende, kukonzekeretsa akaidi kubwerera kwawo. Wina amayenda ndi bungwe lolimbikitsa katemera, kufufuza chifukwa chake mzere wonse wa nyumba ukukana pamene mzere wina ukulola.

"Onsewo digiri imodzi?" anafunsa a Chipsera. "Asa! Digiri yake ili ngati sipanala ya shifiti, nati iliyonse kugwira? Zinthu zotero zimadya manati, ndikuuze."

Chaka chinatha mwanayo akungogwira maganyu a kafukufuku, kugogoda m'makomo ndi mapepala a mafunso, nsapato kutha zidendene. Kufakitale munthu akafunsa kuti, "Adokotala ali bwanji?" a Chipsera amangoyatsa gulaindala.

Ndiye kufakitaleko kunagwa zake. M'miyezi isanu ndi umodzi, amuna anayi a gawo lawo analasidwa m'maso ndi tizitsulo. Atatu anachira, wachinayi diso linapita. Woyendera za chitetezo cha pantchito anabwera, anazungulira, n'kusiya kalata. A Manijala anamata zikwangwani khoma lonse, anaopseza kuimitsa anthu, anagula magalasi atsopano bokosi lathunthu. Amuna amavala abwana akamadutsa, akangokhota pakona magalasi m'thumba. Potsiriza anaitanitsa a Chipsera mu ofesi.

"Akapitawo, sindikufuna kuzungulira. Diso lina likangovulala, ukapitawo wanu watha. Ndibweretsa munthu wa mapepala."

"Bwana, ine ndimakuwa tsiku ndi tsiku!"

"Timamva mpaka muno. Koma maso akuboka. Lolemba kubwera munthu wa kontirakiti ya miyezi itatu kudzaona chimene chikulakwika. Mumupatse mpata."

Lolemba m'mawa a Chipsera anali atawerama pa felemu pamene makina anayamba kuzima amodziamodzi. Atatembenuka, pakhomo la shedi panaima a Manijala, ndipo pambali pawo, mu ovolosi yatsopano yopinda m'miyendo, chipewa cholimba kumutu, magalasi kumaso, kabuku m'manja, panali mwana wawo.

Felemu linawapulumuka, gwengwerere pansi.

"Iwe! Kunyumba kwagwanji?"

"Kulibe, Akapitawo. Ndabwera kuntchito."

Akapitawo! Mwana womusintha matewera ndi manja awowa! Madzulo ake nyumba inagwedezeka. Bwanji sananene? Mwanayo anayankha mofatsa kuti anaona chidziwitso, anafunsira, anauza a Manijala poyera kuti kapitawo ndi bambo ake, ndipo anapambana anthu asanu ndi awiri. Akanati anene kunyumba, bamboyo akanakagumula chitseko cha ofesi kumupemphera ntchito, kapena kumuletsa. A Chipsera anatsegula pakamwa kuti atsutse, n'kupeza kuti zonse ziwiri akanachitadi.

Tsono ntchito yake inali yotani? Anatola ndowa ya penti yopanda kanthu, kuivundikira pakona, kukhalapo. Basi. Sabata yoyamba sanauze munthu aliyense kuti avale magalasi. Amangoyang'ana, kulemba, kuyang'ana. Nthawi ya tiyi amakhala kumapeto kwa benchi ndi kapu yake, kufunsa za ana ndi za mpira. Masana amapita kwa wosunga zipangizo kukatsegula buku losainira magalasi. Amuna anamupatsa dzina loti Kabuku, ndipo ena amanong'ona kuti ndi kazitape wa abwana.

A Chipsera atazimva anakwera pa tebulo lodulira.

"Amene wanena kuti kazitape abwere pano adzanenere pamaso panga! Kaya ntchito yake ndi yopusa, kupusako ndi kwa kunyumba kwanga, wonena ndine ndekha!"

Sabata yachiwiri kunalembedwa munthu watsopano, bambo wa ana atatu amene kale amayendetsa lole, ndiye onse anangoti Dalaivala. Anasainira magalasi ake, anawavala bwinobwino. Nthawi ya tiyi anamukhazika pa benchi, anamva za pulayazi ndi za ng'ombe, anaseka mpaka kutsamwa. Mawa lake akudutsa ndi magalasi kumaso, a Chipsera anaima njo n'kuchita sawatcha.

"Mwafika a Payiloti! Ndege inyamuka nthawi yanji?"

Shedi yonse inafa nacho chiseko. Dalaivala nayenso anaseka. Pakona, Kabuku analemba.

Lamlungu la sabata yachitatu, masana, a Chipsera anali pakhonde kumanga mwendo wa mpando ndi waya. Mayi amasita zovala pafupi ndi khomo. Mwanayo anabwera ndi kabuku kake n'kukhala pa sitepe.

"Ababa, lipoti ndipereka Lachisanu. Ndati muyambe mwamva ndinu."

"Nena. Ndi ulesi wa anyamatawo, ndinanena kale."

"M'zaka ziwiri mwalowa anthu atsopano asanu ndi anayi. Onse anasainira magalasi tsiku loyamba. Pofika tsiku lachinayi palibe ndi mmodzi yemwe amene amasainanso. Dalaivala wakwanitsa masiku atatu."

"Wayamba kale kuvula? Galu ameneyo!"

"Ndinawafunsa mmodzimmodzi kuti akukumbukira chiyani za tsiku loyamba. Ndinapitanso kunyumba kwa anayi ovulala aja. Onse anandiuza nkhani ya chipsera chanu. Mawu ndi mawu, Ababa, mpaka fyuu yemwe. Amainena maso akuwala. Uja anataya diso uja anaseka pofika pa ng'ombe."

"Eya! Ndiye kuti chenjezo limalowa."

"Palibe amene anatchula mawu anu omaliza, oti azivala magalasi. Ndi mmodzi yemwe. Chimene amatolapo n'choti mwamuna weniweni pa shedi ija amazula chitsulo ndi pulayazi n'kumaliza felemu. Mukakuwa kuti valani, iwo amayang'ana magalasi anu. Ali pachipumi. Masiku khumi ndi asanu ndakhala pa ndowa paja, sanatsikepo. Ndipo wovala aliyense amakhala Payiloti. Dzinalo amapereka ndinu."

Waya unawagwa m'manja. Kenako zinaphulika.

"Ukundiuza kuti maso a anthu anayi ndaboola ndine? Ine? Amene ndinawanyamula pamsana pano? Ndinakutumiza kusukulu kuti ukanole mpeni wodzandichekera ine? Amayi ake, mukumumva mwana wanuyu?"

Mayiwo anaimika simbi.

"Ndamumva. Muuzeni mbali inayo, abambo. Ija simuinena pa benchi ija."

"Khalani chete inu!"

"Ndakhala chete zaka makumi awiri ndi zinayi. Zandikwana."

"Musavutike amayi," anatero mwanayo. "Ndikudziwa kale. Diso lakumanzere siliona."

Munthu ukanawaona a Chipsera nthawi imeneyo ukanawapatsa madzi. Chinsinsi chimenecho anachidziwa ndi anthu awiri okha padziko, iwo ndi mkazi wawo, ndipo mkaziyo anachita kumulumbiritsa ali pabedi lachipatala, poopa kuti abwana akamva, ntchito yatha. Anatembenukira mayiwo ndi maso ofiira.

"Sananene ndi amayi," mwanayo anafulumira. "Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi munandigunda ndi chitseko cha kabati ndili kumanzere kwanu, mukuyang'ana komweko. Kuyambira pamenepo ndimayenda kumanja kwanu. Tiyi ndimaika kumanja kwanu. Simunadabwepo?"

Sanadabwepo. Zaka zonsezi! Kumsika, pokwera basi, tsiku la gauni lija pojambulitsa, mwanayo amazembera mbali imodzimodzi, iwo n'kumati ndi kakhalidwe chabe. Anayang'ana kapu imene inali pa sitepe. Inali kumanja.

"Za disolo sindilemba, ndi zanu," anapitiriza. "Koma za nkhani ija, za pachipumi ndi za Payiloti ndilemba, chifukwa ndi zimene ndaona."

"Ulemba bambo ako."

"Ndikabisa, wachisanu avulala, ukapitawo utha ndithu, munthu wina atatayanso diso. Chinthu chimodzi chokha, Ababa. Mawa musakuwe. Muime kumbuyo muone momwe amuna anu amaikira mutu akamapala."

Lolemba sanamuyankhule. Lachiwiri chimodzimodzi. Sanayang'anenso chimene anauzidwa, dala, chifukwa munthu wa zaka zawo sangatumidwe ndi mwana wokhala pa ndowa. Shedi inachita mantha ndi kufatsa kwawoko, moti wosunga zipangizo anafunsa ngati kunyumba kuli maliro. Lachitatu m'mawa anatopa nako kudzikaniza. Anapita kukaima kukhoma lakumbuyo, manja m'thumba.

Mayo ine!

Iwo akamapala chitsulo amapendeketsa mutu, kutembenuzira tsaya lakumanja ku chimbale, chifukwa diso loona ndi lomwelo. Anazolowera moti sankadziwanso kuti amatero. Tsono apa, benchi ndi benchi, amuna khumi ndi anayi a maso awiriawiri abwinobwino anali atapendeketsa mitu chimodzimodzi, diso lakumanja atalipereka ku mbaliwali za moto ngati akulipereka nsembe. Dalaivala, wa masabata awiri okha, anali atapendeka kuposa onse, lilime kunja, kuyesetsa kuti afanane ndi akatswiri. Anthuwo amayesa ndi luso. Amakopera chilema.

Anakumbukira kuti mwa anayi ovulala aja, onse linali diso lakumanja.

Anathamangira pa bokosi la magetsi n'kugwetsa switchi yaikulu. Shedi yonse zii.

"Pa benchi nonse! Pano pompano! Iwe Dalaivala, ima apa, kumanzere kwangaku."

Anaphimba diso lakumanja ndi chikhatho.

"Kweza zala. Usanene kuti ndi zingati. Wakweza?"

"Ndakweza, Akapitawo."

"Sindikuona zala. Sindikuona dzanja. Iweyo sindikukuona, ndikuona chifunga basi. Zaka makumi awiri ndi zinayi."

Wina anayamba kuseka poyesa ndi nthabwala zawo zija, koma anameza chisekocho.

"Felemu lija sindinamalize, ndinakunamizani. Ndinagwa pansi ndikulira amayi. Pulayazi inagwiridwa ndi mnzanga, ndipo adokotala anati ndi imene inamaliza diso. Kuchipatala ananditengera pa wilibala. Ndinagona masabata atatu maso onse awiri ali omanga, ndipo sabata yomweyo mkazi wanga anachira. Mwana uyo wakhala pa ndowayo anandibweretsera pabedi, nkhope yake ndinaidziwa ndi zala izi. Laisensi yoyendetsa galimoto ndinalephera kawiri, ndinkati sindifuna. Mutu ndimapendeketsa chifukwa ndine wa diso limodzi. Nanga inu, agalu inu, mukupendekeranji?"

Dalaivala anali akadali chikwezere zala zitatu, ataiwala kutsitsa. Mkulu wina amene anagwira nawo ntchito zaka makumi awiri anangogwira pakamwa n'kumati, "Aaa, achimwene. Aaa, achimwene."

A Chipsera anakweza dzanja pachipumi, kugwira magalasi aja n'kuwatsitsa. Lamba wake anali atauma pamalo amodzi moti anathetheka. Magalasiwo anali mbuu ndi fumbi la zaka, anachita kuwapukuta ndi malaya.

"Kuyambira lero Payiloti ndine. Amene akufuna kuseka ayambe."

Pakhomo la shedi panali a Manijala, amene anabwera kudzafunsa chimene magetsi azimira. Anamva zonse. Anangokodola a Chipsera ndi chala.

Mu ofesi bwanayo anakhala nthawi akusisita pamphumi.

"Zaka zonsezi mwagwira gulaindala ndi diso limodzi? Mukudziwa kuti woyendera uja akamva, ine ndi amene ndipachikidwe?"

"Ndikudziwa, bwana. Makiyi a loka yanga ya zipangizo ndi awa."

Anawaika patebulo.

"Dikirani Lachisanu," anatero a Manijala. "Ndione kaye lipoti."

Lipotilo linali la masamba asanu ndi limodzi, ndipo silinawanyengerere. Nkhani ya pa benchi inalimo, pachipumi panalimo, Payiloti analimo. Linanenanso kuti magalasi asamakhale kusitolo ya zipangizo kumene munthu amachita kudutsa shedi yonse anzake akumuona, koma azipachikidwa pa makina alionse, ndipo agule osachita nthunzi chifukwa akalewo amuna amadandaula kuti amatuluka thukuta. Pomaliza linati amuna a gawolo samvera zikwangwani kapena ofesi, amatsata munthu mmodzi, mpaka kapendekedwe ka mutu. Mukamuchotsa, magalasi akhala chinthu cha abwana chimene chinachotsetsa kapitawo wawo, ndipo sadzawavalanso. Mukamusiya, avala chifukwa iye wavala.

A Manijala anawerenga kawiri. Gulaindala anawaletsa a Chipsera kugwiranso mpaka kalekale, ndipo zimenezo zinawapweteka ngati awadula dzanja. Koma makiyi anawabwezera.

Miyezi itatu inatha popanda diso lovulala, kenako isanu ndi umodzi. Nkhani ya pa benchi ilipobe, koma masiku ano ili ndi wilibala, ndipo watsopano aliyense amakwezetsedwa zala. Kabuku anamaliza kontirakiti yake, fakitale ya mabotolo ya mwini yemweyo inamutenga kuti akaone chifukwa chake antchito a mashifiti awiri sapatsana moni. Kenako inamuitana kampani ya mabasi.

Tsiku lomaliza la kontirakiti ija anaweruka limodzi. Pageti wogulitsa nthochi uja anafuula, "Akapitawo, ndiye adokotala athu aja ndi amenewa? Amachiza chiyani kwenikweni?"

"Dokotala wa chiyani iwe!" anabangula a Chipsera, mpaka mlonda anadzidzimuka. "Dokotala amadikira uvulale kaye. Uyu amakhala pa ndowa n'kumakuyang'ana. Masabata atatu okha, akuuza zimene mkazi wako anaopa kukuuza chikwatirane. Ukamuona watulutsa kabuku, nyamula nthochi zako uthawe!"

Anayamba kuyenda kulowera kokwerera basi. Pamsewu bamboyo anachita dala kuzungulira, kumuika mwanayo kumanzere, kuti aone. Sanathe masitepe asanu. Mwanayo, maso ali pa foni, anangotsalira pang'ono, kudutsa kumbuyo kwawo, n'kutulukira kumanja.

A Chipsera anaima pakati pa njira, anthu akuwalambalala.

"Ha! Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero, akupukusa mutu. "Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi!"

"Ababa, basi ikupita."